Zala Zitatu za a Kopolo

Anthu a kuno ku Utale akamandifunsa za ku Joni, amafuna ndiwauze za misewu yodutsana m'mwamba ndi mashopu a magalasi okhaokha. Ine zimenezo ndilibe nazo mawu. Ndikatseka maso chimene chimabwera ndi dzanja lamanzere la a Kopolo: chala chachikulu ndi chamkombaphala, basi, kwinako kosalala ngati bondo la mwana.

Dzina lawo la ubatizo linali Dizimasi, koma ankawatchula choncho ndi ansembe okha. Anali malume ake a mkazi wanga. Ine pamudzi pano ndine mkamwini, kwathu n'kuseri kwa boma la Machinga, ndipo mukudziwa kale moyo wa mkamwini: khasu m'manja, pakamwa potseka. A Kopolo okha ndi amene ankandiitana kuti ndikhale nawo pamphasa. Usilikali anali atausiya kalekale. Ankalima thonje ndi chimanga, ndipo anali ndi ng'ombe ziwiri za ngolo zotutira njerwa ndi mchenga wa anthu. Munthu wamfupi, wakhosi lalikulu, wamtima wapachala. Ng'ombe ikakana kukoka ankaitukwana m'Chilomwe cha agogo awo, kenaka n'kuisisita pamphuno.

Za zala zija anandiuza tikupalira m'munda mwawo. Pa nthawi ya nkhondo ya ku Mozambiki, asilikali a kwathu ankalondera njanji ija yotulukira pa Nayuchi. Ntchito ya a Kopolo inali kuyenda wapansi patsogolo pa sitima, kufunafuna mabomba okwirira. Tsiku lina mnzawo amene ankayenda pambali pawo anaponda limodzi.

"Mkamwini," anatero atatsamira khasu, "munthu uja anakwera m'mwamba ali mmodzi, potsika anatsika ali ambiri. Nsapato yake inakodwa mumtengo phazi lili momwemo. Tisanatole kanthu, zigawenga zinayamba kuwombera kuchokera m'tchire. Bwana wathu anakuwa kuti tonse m'sitima. Tinamusiya mnzathu. Afisi a kumeneko ndiwo anamuika. Mayi ake anakwirira thunthu la nthochi."

Iwo atayang'ana dzanja lawo anaona magazi akutumphuka, zala zitatu zili pamiyala ya njanji. Anakwawa zipolopolo zikulira pamutu, n'kuzitola zonse. Anaziika m'kachitini kawo ka asilikali, kaja kosachita dzimbiri, n'kuthiramo mchere. Atatuluka m'chipatala anafika nako kuno, ndipo akazi awo, amake Paulo, anaitana adzukulu n'kukakwirira m'mphepete mwa manda, patsinde pa mtengo wa tsanya.

"Ndiye ine ulendo ndinauyamba kale," anatero. "Zala zanga zikundisungira malo. Kulikonse kumene ndingakafere, mudzandibweretse pa tsanya paja. Munthu sasiyidwa m'tchire. Wamva?"

Ine ndinangoti ndamva, ndikuseka. Iwo anandiloza ndi zotsala zija. "Amati chala chimodzi sichiswa nsabwe. Ine ndatsala ndi ziwiri, nsabwe zichenjere."

Kenaka kunabwera zaka zija mvula inkangotinunkhiza. Thonje linapserera lisanachite maluwa, chimanga chinafika m'mawondo n'kuima. Ng'ombe imodzi inagwa m'goli, sinadzukenso. Ine ndinati basi, ndikayese ku Joni monga anzanga. A Kopolo anagulitsa ng'ombe yotsalayo nati tipitira limodzi. Anthu anawaseka, amvekere mdala ngati inu mukatani kumeneko? Iwo anati, "Ndikumuperekeza mkamwiniyu, angakasochere."

Amake Paulo anatiperekeza mpaka pa Liwonde. Basi itayamba kulira, anandigwira mkono wa malaya, chinthu chimene anali asanachitepo chikwatirireni ine pamudzi pano.

"Bambo a Mele," anatero, ponditchula ndi dzina la mwana wanga, "anzanuwa sadziwa kuopa. Mukandibweretsere."

Mapepala athu anali osakwanira, choncho malire omaliza tinadutsira pamtsinje, dzuwa likutuluka, tili gulu. Tangowoloka, m'mabango munatuluka anyamata azikwanje. Anatigoneka chafufumimba pamchenga. Amayi anawavula n'kumawapisa paliponse ife tikumva. Pafupi nane panagona bambo wina wowonda wachipewa choyera, telala wa ku Ntaja, Che Yusufu. Iyeyo anakakamira kathumba kake ka sizasi ndi tepi. Mnyamata wina sanafunse kawiri. Anamutema pantchafu, nyama n'kuyasama mpaka kuonekera zoyera.

Sindinaone mmene a Kopolo anadzukira. Ndinangomva kuti thyo! Anali atagwira mkono wa mnyamata uja n'kuuthyolera pabondo ngati nzimbe. Chikwanje chija anachitola n'kumenya nacho wina pakamwa ndi kumsana kwake, mano n'kumwazika pamchenga. Otsalawo ataona kuti mdalayu akubwerabe, osakuwa, osathamanga, analowa m'mabango.

Wotilondolera njira anati wovulalayo asiyidwe, atichedwetsa. A Kopolo anang'amba malaya awo, anamanga ntchafu ija, n'kumubereka telalayo kumsana.

"Tsogola," anamuuza wotilondolera uja. "Ukanenanso zomusiya, utsala ndiwe."

Tinayamba ntchito pa famu ya tomato. Kapitawo wa pamenepo ankayenda ndi chikoti komanso galu wamkulu ngati mwana wang'ombe. Tsiku lina anandipeza ndaluma tomato wophwanyika, wotaya ndithu, ndiye anandikwapula kumaso, diso n'kutsekeka sabata yonse. Ndinatola mwala. A Kopolo anandiponda phazi. "Kwa eni kulibe mkuwe, mkamwini. Meza." Ndinameza, ndikuwatukwana mumtima. Koma tsiku limene kapitawo uja anatumiza galu wake kwa mayi wina woyembekezera, galu n'kumugwetsa n'kumamukhadzula katumba, a Kopolo amene ankati meza aja anazula chikhomo chachitsulo n'kumuswa galuyo mutu. Anamumenya mpaka miyendo inasiya kuphiriphitha. Tinachoka pa famupo tsiku lomwelo, malipiro osalandira, Che Yusufu akutsimphina pambuyo pathu.

"Nanga kwa eni kuja?" ndinawafunsa tili m'njira.

"Khala chete iwe," anatero. "Mwambi sugwira ntchito tsiku lililonse."

Mumzinda tinakakhala m'tinyumba tamalata timene kumeneko amati mikuku, tothinana, kumbuyo kwake kukudutsa njanji. Tinkagona atatu m'chipinda chimodzi. Ine ndi a Kopolo tinkaumba njerwa za simenti pa yadi ina. Simenti inkatidya m'manja mpaka zikhato kusweka, ndipo a Kopolo ankanyamula njerwa ndi zala ziwiri zija mofanana ndi ife a zala zonse. Che Yusufu anapeza makina akale n'kumasoka pakhomo. Mwezi ukatha tinkatumiza kumudzi kangachepe. Amake Paulo anafolera nyumba ndi malata, ine mwana wanga anayamba sukulu atavala nsapato.

Panali masiku abwino, ndisaname. A Kopolo ankakonda nyama ya nkhumba kwadzaoneni, koma chifukwa cha Che Yusufu sinalowepo m'nyumba mwathu. Ankakadyera kutali, pobwera n'kumatsuka m'kamwa pampopi. Che Yusufu ankawanunkhiza n'kugwedeza mutu. "Achimwene, mwakumananso ndi abale anu aja." Mwezi wa kusala ukafika, a Kopolo ndiwo ankamuphikira phala la madzulo, uku akumunena kuti Mulungu wake ngwankhanza. Lamulungu ankavala jekete, korona m'thumba, ulendo wa ku Misa. Koma ankagona nsapato zili kuphazi. Ana akaphulitsa makombola pa chaka chatsopano, tinkawapeza pansi pa tebulo la makina, thukuta lili kamukamu, akulamula anthu amene ife sitinkawaona. Zikatha ankachita manyazi, ndipo ife sitinkazitchula.

Zaka zinapita. Mawu akuti makwerekwere, dzina limene eni dziko amatchulira ife obwera, tinawazolowera ngati fumbi. Ankatinena kuti tikuwalanda ntchito. Ntchito yake iti? Yosenda manja ija?

Linali Lamulungu, dzuwa lili pamutu, a Kopolo atangovula jekete. Tinamva nyimbo ikubwera kuchokera kumsewu, nyimbo yokoma ndithu, ya anthu ambiri. Kenaka utsi. Kenaka mayi wina anadutsa akuthamanga, mwana ali kumsana, mutu wa mwanayo ukutuluka magazi. Ndinasuzumira. Anali ndi zikwanje, nkhwangwa, zibonga, zigubu za petulo. Kutsogolo kwawo ndinazindikira bambo wina woyandikana nafe, amene ana ake ankavala mayunifomu osokedwa ndi Che Yusufu. Ndiye amene ankaloza zitseko.

A Kopolo anasanduka munthu wina. Mawu awo anali aja a pansi pa tebulo, koma tsopano anthu ake tinalipo. "Musatenge kanthu! Kunjanji! Amayi patsogolo!" Panali kanjira kamodzi pakati pa mikuku, kopapatiza, kongokwana munthu mmodzi, kotulukira kunjanji. Anatilowetsa mmenemo mmodzimmodzi ngati mbuzi m'khola. Titakwera pachitunda cha njanji anatiyang'ana nkhope tonse.

"Telala ali kuti?"

Che Yusufu panalibe. Ndi mwendo wake uja sakanathamanga.

"Amalume, kwatha kumeneko," ndinatero. "Taonani moto."

Anatola chitsulo chimene chinali m'mbali mwa njanji. Nditafuna kuwatsatira anandikankha pachifuwa ndi zala ziwiri zija, ine n'kukhala pansi. "Iwe dikira pakamwa pa kanjirako. Ndikakupatsa munthu, nyamula, usacheuke."

Ndinadikira. Kenaka anatulukira akumukoka Che Yusufu pakhosi pa malaya, nkhope yake ili magazi okhaokha, khutu likulendewera. Anamuponyera m'manja mwanga. Gulu lija linali pambuyo pawo. Akanathawa nafe, likanatipeza tonse panjanji, amayi ndi ana omwe. Choncho anatembenuka n'kuima m'kanjira muja, mapewa awo n'kutseka malo onse.

Anati ndisacheuke, koma ndinacheuka nditafika pachitunda. Woyamba anamumenya pabondo, anagwa. Wachiwiri anamubaya nacho chitsulo pamimba. Aja anabwerera pang'ono, chifukwa kanjirako sikankalola awiri. Ndiye ena anakwera pamadenga n'kuyamba kuponya njerwa kuchokera pamwamba. Imodzi inawapeza pamutu. Anagwada. Anadzukanso. Nkhwangwa inatera paphewa. Anawakokera pabwalo, miyendo ikukhukhuluzika, n'kuwaveka tayala. Ndinaona chigubu chikupendekeka.

Poyamba sanakuwe. Kenaka anakuwa, osati m'Chichewa, koma m'Chilomwe chija ankatukwanira ng'ombe. Ankaitana mayi awo. Anthu aja ankavina mozungulira, ena akujambula ndi mafoni. Ine ndinadzikodzera nditaimirira, sindibisa. Ndinamubereka Che Yusufu n'kuwoloka njanji ndikulira mokweza ngati mwana, ndipo mpaka lero fungo la tayala loyaka limandisanzitsa.

Apolisi anatisonkhanitsa pabwalo lina m'matenti. Patapita masiku kunabwera mabasi otengera anthu kwawo ulere. Aliyense ankakanganirana pakhomo la basi. Ine ndinaima pamzere, ndinafika mpaka pachitseko, phazi limodzi n'kuponda. Ndiye ndinamva ngati wina wandigwira mkono wa malaya. Ndikanakawauza chiyani amake Paulo? Kuti akadule nthochi? Ndinatsika.

Kunyumba yachisoni wantchito wake ananditsegulira mashelefu. Opsa analipo angapo, ndipo nkhope panalibe ndi mmodzi yemwe, makala okhaokha, mano ali pamtunda. Wantchitoyo anati bwerera, sungamudziwe munthu pamenepa. Ine sindinkayang'ana nkhope. Ndinkapita kudzanja lamanzere la aliyense n'kumafunyulula. Zisanu. Zisanu. Wina manja anali atafumbata kolimba, ndinachita kumutsegula ndi mphamvu khungu n'kutsalira m'manja mwanga. Zisanu. Kenaka ndinagwira dzanja lina, ndipo chala changa chinatsetsereka pamalo osalala paja.

"Amalume," ndinatero, "ndabwera."

Maliro n'kulirana. Amalawi otsala anasonkha, a kutchalitchi ndi a kumzikiti omwe, anthu oti nawonso anali atawotcheredwa zonse. Che Yusufu ali gone m'chipatala anatuma mnzake akagulitse mutu wa makina aja, umene unapulumuka pamoto. Anandigwira dzanja, mutu uli m'mabandeji. "Akafike, achimwene. Wallahi, akafike." Thupi analiika m'bokosi lokhala ndi lata m'kati, lomata ndi moto, n'kulikweza m'ngolo yokokedwa ndi galimoto. Ulendo wonse ine maso anali kumbuyo, kuyang'ana ngati ngoloyo ikutitsatabe.

Ndinkaganiza kuti zovuta zathera kumalire. Ha!

Pamudzi ndinapeza anthu atasonkhana, koma nyimbo panalibe. Adzukulu anali atakhala pamakasu awo, manda osakumba. Paulo, amene tinamusiya ali wa sukulu, anali tsopano chimunthu chandevu, woyendetsa njinga yamoto imene bambo ake anamugulira ndi manja osweka aja, maso ofiira ndi kachasu. Mphekesera zinali zitafika kale ine ndisanafike. Ena ankati mudzi wina chapafupi unaikapo mlendo wochokera ku Joni, mwini dzina n'kudzatulukira wamoyo. Ena ankati mkamwini wabwera wathunthu bwanji, mwina wawapereka apongozi ake kuti alemere. Mkazi wanga anaima kumbuyo kwa amayi anzake, maso pansi.

"Tsegulani tione nkhope," anatero Paulo.

"Achimwene, nkhope palibe," ndinatero. "Anawawotcha."

"Ndiye tidziwa bwanji kuti ndi bambo anga? Watitengera chiyani m'bokosimu, iwe?"

Anandiitana kuti iwe, pamaso pa anthu. Wachibale wina wamkulu anati zoona, sitingagoneke munthu wosadziwika pakati pa makolo athu, bokosili libwerere kumene lachokera. Dalaivala anali atayamba kale kuyang'ana wotchi. Ndinakhala pabokosi paja n'kunena kuti amene akufuna kulikweza ayambe wandipha.

Paulo analowa m'nyumba n'kutuluka ndi chikwanje. Amayi anakuwa. Anandimenya nacho chafulati pakhosi, nsonga n'kundidula khutu ili mukuliona lopindikali. Magazi anatsikira pabokosi. Sindinasunthe. Ndinali nditaona kale zikwanje zoposa chimenecho, m'manja mwa anthu osaledzera.

"Paulo."

Anali amake. Chifikireni ife anali ali m'nyumba ya siwa. Anatuluka atamanga nsalu m'chiuno, atakalamba kuposa mmene ndinkaganizira.

"Popeza chikwanje uli nacho kale, tsegula bokosilo."

Paulo anazengereza. Amake sanabwereze. Ine ndinatsika, iye n'kuzula chivindikiro chathabwa, kenaka n'kuyamba kung'amba lata lija. Fungo litatuluka anthu anabwerera m'mbuyo, ena anathawira kuseri kwa nkhokwe. Paulo anasuzumira kumutu, anataya chikwanje n'kusanza pomwepo.

Amake Paulo sanatseke mphuno. Kumutu sanayang'aneko n'komwe. Anazungulira mbali ya kumanzere, anagwada, n'kupisa dzanja m'nsalu yokulungira. Anatulutsa dzanja lakuda lija n'kuligoneka pachikhato chawo. Anagwira chala chachikulu. Anagwira chamkombaphala. Kenaka anasisita pamalo osalala paja, pang'onopang'ono, monga munthu amene wakhala akusisitapo zaka zambiri.

"Ndi eni ake," anatero. Anatembenukira kwa adzukulu. "Mukudikira chiyani? Kakumbeni pa tsanya."

Pamenepo ndiye maliro anayamba. Amayi analira mudzi wonse n'kugwedezeka, a kwaya anayambitsa nyimbo. Mkazi wanga anabwera n'kundimanga khutu ndi mpango wake, osatha kundiyang'ana.

Sitikanawasunga mpaka mawa, choncho tinanyamuka dzuwa litapendeka. Titafika kumanda adzukulu anali asanamalize, chifukwa nthaka ya pa tsanya ndi youma ngati mwala. Tinaima n'kumadikira. Kenaka khasu la mmodzi linalira kuti ngwe! Anawerama, anafukula ndi manja, n'kutulutsa kachitini kakuda ndi dothi, kophwanyika mbali imodzi. Achinyamata sankadziwa kuti n'chiyani. Paulo ankadziwa. Anakhala pansi pafumbi n'kubisa nkhope m'mawondo.

Amake Paulo anakalandira ndi manja awiri, anakapukuta ndi nsonga ya chitenje, n'kukagwedeza pafupi ndi khutu. Munalira tinthu ngati nthanga zouma. Anapempha kuti bokosi litsegulidwenso. Anakaika kachitini kaja m'dzanja lamanzere, pakati pa zala ziwiri zija, n'kuzipinda kuti zikagwire.

"Bambo a Paulo, tengani zanu," anatero. "Zakudikirani nthawi yaitali."

Atatero anadzuka, anasasa fumbi m'mawondo, n'kundiyang'ana ine pakati pa anthu onse aja.

"Bambo a Mele, bwerani mutseke ndinu. Ndinu mwabwera nawo."